Mmene mungakonzere tsiku lanu la ntchito ndi kope limodzi

Pali kutopa kwina kumene munthu amafika nako kunyumba madzulo koma osatha kuloza chimene wagwira. Walowa mu ofesi 7:30 m'mawa, foni yakhala ikulira, anthu akhala akulowa ndi kutuluka, nkhomaliro wadyera pa desiki, koma lipoti limene abwana anapempha Lolemba likadali pa tsamba loyamba. Munthu ameneyu si waulesi ayi. Kungoti tsiku lake limakonzedwa ndi anthu ena: amene wayamba kunena "odi" pakhomo ndiye watenga m'mawa wonse.

Ambiri akauzidwa kuti azilemba mndandanda wa zochita amayesa sabata imodzi n'kusiya. Amalemba zinthu 20 papepala, madzulo n'kupeza achongapo zinayi zokha, basi mphwayi n'kuwagwira. Vuto n'lakuti chinthu chikalembedwa chopanda ola lake chimakhala chikhumbo chabe. Njira ili m'munsiyi imachotsa ntchito m'mutu, kuiika papepala, n'kuipezera ola lake. Chitsanzo changa chikhala cha munthu wosunga mabuku a ndalama pa kampani yaing'ono, koma mlembi, mphunzitsi wamkulu kapena mwini shopu ya hadiweya akhoza kutsata zomwezi. Zofunika ndi kope limodzi la chikuto cholimba, bolopeni ndi kalendala.

1. Khuthulani zonse za m'mutu

Pezani theka la ola, makamaka Lachisanu masana, ndipo lembani kumapeto kwa kope chilichonse chimene chikukudikirani. Osasankha, osasanja. Malisiti a mafuta amene a dalaivala sanabweretse, kalata ya ku banki yosayankhidwa, inki ya printa imene yatsala pang'ono kutha, fizi ya mwana, msonkhano wa komiti ya ku mpingo. Za kunyumba zilowe momwemo, poti mutu umene wazinyamula ndi umodzi womwewo. Tsegulani madirowa, yang'anani mafayilo ali pa desiki, lowani mu WhatsApp ndi mu imelo muone anthu amene munawauza kuti "ndikuyankhani mawa".

Mu 1927 katswiri wa za maganizo Bluma Zeigarnik, ali ku Berlin, analemba kuti anthu amene anawayesa ankakumbukira kwambiri ntchito zimene anawadukiza asanamalize kusiyana ndi zimene anamaliza. Amene anadzidzimukapo 2 koloko usiku atakumbukira cheke chosasainidwa sakusowa kafukufuku kuti avomereze. Mutu umakumbutsa ndithu, koma pa nthawi imene simungachitepo kanthu.

Mndandanda wautaliwu ndiye nkhokwe yanu. Munthu sanyamula nkhokwe yonse kupita nayo kuchigayo, amatapamo zokwanira ulendo umodzi. Choncho ukafika masamba atatu musachite nawo mantha, ndipo musamayambire ntchito ya tsiku pa masamba amenewa.

2. Lembani zochita, osati mitu ya nkhani

Apa ndi pamene mindandanda yambiri imafera. Munthu walemba kuti "lipoti la mwezi". Maso akafika pamenepo amalumpha, chifukwa mawuwo sakukuuzani pogwira. Abisa ntchito zisanu, ndipo yoyamba mwina ili m'manja mwa munthu wina. Liphwanyeni lipotilo motere:

Kupempha sitetimenti ya mwezi watha ku banki.
Kutolera malisiti kwa a dalaivala ndi a ku sitolo.
Kufananitsa sitetimenti ndi buku la ndalama.
Kulemba tsamba la ndalama zolowa ndi zotuluka.
Kupereka kwa abwana kuti aone, asaine.

Mzere uliwonse uziyamba ndi chochita: kuimba, kulemba, kutumiza, kufunsa, kukatenga. Dzifunseni kuti, nditakhala pansi pompano, ndingayambe chimenechi osayamba ndakanda kaye m'mutu? Ngati yankho ndi ayi, chikadali chachikulu, phwanyaninso. Ntchito iliyonse imene ingapitirire maola awiri imafunika kudulidwa.

Mukamaphwanya chonchi mupeza kuti ntchito zina zimene mwakhala mukuziopa zikungodikira foni imodzi ya mphindi zitatu. Lipoti lija lagona masiku anayi chifukwa sitetimenti simunaipemphe, osati chifukwa ndi lovuta.

3. Masiku osakambirana apite pa kalendala

Wosunga mabuku ku Malawi amadziwa kuti msonkho wa PAYE, umene umadulidwa pa malipiro a antchito, uyenera kufika ku bungwe lotolera misonkho la MRA pofika pa 14 mwezi wotsatira, ndipo wa VAT, umene umaikidwa pa zogulitsa, pofika pa 25. Malipiro a antchito ali ndi tsiku lake, lendi ili ndi lake, ndipo amene amagulitsa katundu ku boma amadziwa kuti chaka cha ndalama cha boma chimatha pa 31 Marichi. Ikani masiku otere pa kalendala, kenako muwerenge chobwerera m'mbuyo. Ngati PAYE ndi pa 14 ndipo amene amasaina sakhalitsa mu ofesi, tsiku lanu lenileni ndi pa 10. Pa 14 penipenipo netiweki ikhoza kuvuta, mzere wa ku banki ukhoza kutulukira panja, kapena tsikulo likhoza kugwera Loweruka. Lembani pa 10, ndipo mutsate limenelo.

Pa kalendala pazikhala zokhazo zimene zili ndi tsiku lenileni. Mukayamba kudzazapo zokhumba, mudzasiya kuikhulupirira.

4. Siyanitsani zachangu ndi zofunika

Pali njira yosanja ntchito imene imadziwika ndi dzina la Dwight Eisenhower, pulezidenti wa dziko la America kuyambira 1953 mpaka 1961. Imafunsa mafunso awiri pa ntchito iliyonse: n'njachangu? N'njofunika? Ophunzitsa njirayi amajambula mabokosi anayi. Ine ndimaona kuti kujambula mabokosi tsiku ndi tsiku n'kudzichulukitsira ntchito, zizindikiro m'mbali mwa mzere n'zokwanira. Ikani nyenyezi pa zimene zikapanda kuchitika sabata ino pakhala chindapusa, kasitomala athawa kapena anthu salandira. Pa zimene wina angachite lembanipo dzina lake: kukasiya kalata ndi ntchito ya a mesenjala, ngakhale mutakhala kuti mumakonda kamphepo ka panja. Zimene zakhala miyezi popanda wofunsa, dulani ndi mzere.

Gulu lofunika kulisamala ndi la zinthu zofunika koma zosafuula. Kusanja mafayilo, kukopera zimene zili mu kompyuta pa fulashi kapena pa intaneti, kulondola ngongole zakale, kuphunzitsa mnyamata amene wangoyamba kumene kuti azikupepuzani. Zimenezi sizinena "odi". Zimakhala phee mpaka tsiku limene kompyuta yafa kapena a oditi atulukira. Zipatseni ola limodzi lokhazikika pa sabata, tinene Lachitatu m'mawa, ndipo ola limenelo musamabwereketse.

5. Musanaweruke, sankhani zitatu za mawa

Dongosolo la mawa limakonzedwa lero, mphindi 10 kapena 15 musanatseke chitseko. Nthawi imeneyo mukudziwa bwino pamene mwalekezera. M'mawa munthu amafika ndi phokoso la m'minibasi m'makutu, moni ndi anzake, nkhani za mpira wa dzulo, ndipo akati akhale pansi aganize, wina wafika kale ndi pepala m'manja.

Tsegulani tsamba latsopano, lembani deti la mawa pamwamba, ndipo tapani pa mndandanda wautali uja zinthu zitatu zikuluzikulu. Pansi pake jambulani mzere, n'kulemba zing'onozing'ono zosaposa zisanu.

Zitatu zimaoneka zochepa mpaka mutawerenga. Tengani maola asanu ndi atatu a ntchito. Chotsani ola la msonkhano. Chotsani ola lina la anthu obwera kudzafunsa, kudzasainitsa, kudzatenga ndalama ya transipoti. Chotsaninso la mafoni ndi mauthenga, ndi lina la zogwa mwadzidzidzi. Mwatsala ndi maola anayi, ndipo m'maola anayi simungalowe ntchito zazikulu khumi. Mukamaliza zitatuzo dzuwa likadalipo, palibe wakuletsani kukatapanso china.

Mwa zitatuzo, zungulizani chimodzi. Chimenecho ndicho choyamba mawa. Tulutsani fayilo yake muiike pamwamba pa desiki, kuti pofika ikhale yoyamba kukupatsani moni.

6. Chilichonse chipatseni ola lake

Gawo ili ndilo mtima wa nkhani yonse, ndipo ndi limene anthu amalidumpha. Kumanzere kwa tsamba lembani maola, kenako lowetsanimo ntchito zija. Tsamba la Lachiwiri likhoza kuoneka chonchi:

7:30 imelo ndi mauthenga, kuona ngati kwagwa zina usiku
8:00 kufananitsa sitetimenti ndi buku la ndalama
10:00 mafoni onse: banki, a sitolo, kasitomala wa ngongole
10:30 tsamba la zolowa ndi zotuluka
12:00 nkhomaliro
1:00 ku banki ndi kokagula inki, ulendo umodzi
2:30 kukonza mafomu a PAYE
3:30 mpata
4:15 kukonza za mawa

Ntchito yofuna mutu kwambiri ipite pa nthawi imene mutu wanu umakhala wakuthwa. Kwa ambiri ndi m'mawa, nsima ya masana isanalowe m'thupi, makamaka m'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala. Zofanana ziyende pamodzi: mafoni onse nthawi imodzi, maulendo onse a m'tauni ulendo umodzi. Kutuluka kawiri pa tsiku kuchoka ku City Centre kupita ku Old Town mu Lilongwe, kapena kuchoka ku Limbe kupita m'tauni ya Blantyre, ndiye kuti tsiku latha pamsewu.

Pokonza maola ganizirani zinthu zimene kuno kwathu zimalamulira tsiku. Ngati ESCOM yatulutsa ndandanda ya kuzima kwa magetsi ndipo ofesi yanu ilibe jenereta, ntchito ya pa kompyuta ndi yosindikiza iikeni pamene magetsi alipo. Sungani kumapeto kwa kope kamndandanda ka ntchito zosafuna magetsi: kusanja malisiti, kuwerenga katundu, kulemba pamanja zimene mudzataipe, kuimba mafoni. Akangozima, mutsegule pamenepo m'malo motuluka kukacheza pakhonde. Ganiziraninso za anthu. Ngati amene amasaina amapezeka m'mawa wokha, pepala lake likhale lokonzeka dzulo lake.

Nthawi imene mukuganiza kuti ntchito itenga, onjezanipo theka. Mwati ola limodzi, lembani ola ndi theka. Akatswiri awiri, Daniel Kahneman ndi Amos Tversky, anafotokoza mu 1979 kuti anthu amakonda kuchepetsa nthawi imene ntchito yawo idzatenge, ngakhale atakhala kuti anaigwirapo kale n'kuona kuchedwa kwake. Si ife tokha: nyumba yotchuka ya zisudzo ya Sydney Opera House ku Australia inayembekezeka kutha mu 1963, koma inatsegulidwa mu 1973. Komabe musapitirire muyeso. Mu 1955 Cyril Northcote Parkinson analemba kuti ntchito imafufuma mpaka kudzaza nthawi yonse imene yapatsidwa. Kalata imene mwaipatsa m'mawa wonse idzadyadi m'mawa wonse. Ipatseni mphindi 30, ikwana.

Ndipo mpata uja wa 3:30 musaudzaze. Si ulesi. Ndi malo a zinthu zimene simukuzidziwa panopa koma zibwera ndithu. Tsiku lodzaza kuyambira m'mawa mpaka madzulo limagwa ndi mlendo mmodzi.

7. Gwirani chimodzi, chithe

Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Kufananitsa manambala uku mukuyankha gulu la WhatsApp la anzanu a ku sekondale kumathera pobwereza tsamba lonse chifukwa cha nambala imodzi yolumphidwa. Pa maola a ntchito yaikulu foni ikhale m'dirowa, mawu atatsitsidwa. Mauthenga muziona pa nthawi zoikika, katatu pa tsiku n'kokwanira pa ntchito zambiri. Amene ali ndi nkhani yoyaka moto aimba.

Ngati kuyamba kukukuvutani, yesani njira ya Pomodoro, imene Francesco Cirillo wa ku Italy anayambitsa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ali wophunzira pa yunivesite. Tcherani alamu ya mphindi 25, gwirani chinthu chimodzi chokha mpaka ilire, pumani mphindi zisanu, bwerezani. Mukazungulira kanayi, pumani nthawi yotalikirapo. Ubwino wake ndi wakuti mphindi 25 n'zosaopsa, munthu amavomera kuyamba. Koma alamu ikalira ntchito itakoma, ine sindiona chifukwa choimira.

Kanthu kakabwera pakati pa ntchito, kalembeni m'mphepete mwa tsamba n'kupitiriza. Timene tingathe pa mphindi ziwiri, monga kudinda pepala la munthu amene waima kutsogolo kwanu, chitani pomwepo. Chenjerani kokha kuti mphindi ziwiri zikabwera khumi motsatizana, ola lapita.

8. Abwana akabweretsa zina

Apa ndi pamene malangizo ambiri olembedwa kunja amatisocheretsa. Amati phunzirani kukana. Kwathu kuno wantchito sangayang'ane abwana m'maso n'kunena kuti ayi, ndipo palibe chifukwa choti atero. Chimene kope limakupatsani ndi njira yofunsa mwaulemu. Abwana alowa 9 koloko ndi kuti, "Tandikonzereni makotesheni atatu a matayala, ndikuwafuna lero." Inu tsegulani tsamba, muwaonetse:

"Chabwino bwana. Panopa ndili pa lipoti la mwezi lija munati lifike mawa, ndipo masana ndimati ndikonze za PAYE. Ndiyambe ziti, kuti ndisakuchedwetseni?"

Nthawi zambiri abwana amakhala ataiwala zimene anakupatsani dzana, si nkhanza. Akaona zalembedwa amasankha okha, mwinanso kunena kuti matayala adikire Lachinayi kapena apite kwa wina. Mukangoti "chabwino bwana" n'kukhala chete, mwalonjeza zinthu zitatu pa nthawi ya ziwiri, ndipo mawa wolakwa ndinu. Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Kwa anzanu a mu ofesi n'kosavuta: "Achimwene, ndipatseni mpaka 10 koloko nditsirize ichi, ndikupezani konko." Mukatero mupitedi 10 kolokoyo. Akaona kawiri katatu kuti mumasunga mawu, amasiya kuima pakhomo.

9. Tsamba la zimene mukudikira

Patulani tsamba limodzi la zinthu zimene zili m'manja mwa ena. Mzere uliwonse ukhale ndi chinthucho, amene ali nacho, tsiku limene munapempha ndi tsiku lokumbutsa. Ntchito zambiri za mu ofesi zimafera pamenepa, poti aliyense amaganiza kuti zili kwa mnzake. Mukamakumbutsa ndi deti m'manja, "ndinatumiza pa 3, ndimati ndimve ngati yafika", mawu anu amalemera popanda kukweza mawu.

10. Tsekani tsiku, tsekani sabata

Pa 4:15 bwererani pa tsamba la lero. Chimene chatha chongani. Chimene chatsala musachisiye chikulendewera: chilembeninso ndi dzanja pa tsamba la mawa, kapena chibwezeni pa mndandanda wautali, kapena chiduleni. Kulembanso ndi dzanja kumatopetsa, ndipo kutopetsako n'kothandiza. Chinthu chikasamuka masiku atatu otsatizana, imani muchifunse. Mwina n'chachikulu, chikufuna kuphwanyidwa. Mwina mukusowa chidziwitso ndipo mukuchita manyazi kufunsa. Mwina mukuopa munthu amene muyenera kumuimbira, ndipo ngati ndi choncho chiikeni 8 koloko mawa, chichoke. Kapena n'chosafunika, ndipo mwakhala mukuchinyamula chabe.

Lachisanu onjezani mphindi 30. Werengani mndandanda wautali wonse, onjezani zatsopano, onani kalendala ya masabata awiri akubwera, ndipo pitani pa tsamba la zodikira mutumize zikumbutso anthu asanabalalike.

Ntchito zobwerezabwereza, monga kutseka mabuku kumapeto kwa mwezi, zilembereni mndandanda wake wokhazikika kamodzi kokha, muumate mkati mwa chikuto. Musauderere kuti ndi wa ophunzira kumene. Mu 2008 bungwe la WHO, loona za umoyo pa dziko lonse, linatulutsa mndandanda wa mfundo 19 zoti madokotala ndi anamwino azichonga pochita opaleshoni, anthu ophunzira zaka zambiri, chifukwa chinthu chozolowereka ndicho chimaiwalika. Mndandanda wotere umathandizanso mukapita pa tchuthi: wogwirizira ntchito yanu sakuimbirani muli kumudzi.

Kope kapena foni?

Google Keep, Google Calendar ndi Microsoft To Do zimagwira ntchito yomweyi, ndipo pa zikumbutso za masiku foni imaposa pepala chifukwa imalira. Koma foni yomweyo ndi imene muli WhatsApp ndi Facebook, ndipo munthu wolowa kukaona mndandanda amatulukamo patapita mphindi 20. Kope silifuna bandulo, silitha batire. Ine ndingati masiku a pa kalendala aikeni mu foni ndi alamu, zina zonse mu kope. Chachikulu n'chakuti malo akhale amodzi. Timapepala tomata pa kompyuta, kuseri kwa envelopu ndi pachikhatho, zonsezo zisamukire mu kope tsiku lomwelo.

Idzafika sabata imene zonsezi zidzasokonekera. Kwagwa maliro, mwachoka masiku atatu, kapena mwana wagonekedwa m'chipatala, ndipo kope lakhala m'chikwama osatsegulidwa. Pobwerera musayese kulondola masamba amene munadumpha. Yambani ndi kalendala muone ngati pali tsiku losakambirana limene layandikira kapena ladutsa, ndipo ngati ladutsa dziwitsani abwana m'mawa womwewo asanamve kwa ena. Kenako onani tsamba la zodikira, khuthulaninso za m'mutu kwa mphindi 15, musankhe zitatu za tsikulo.